Makina Apima Phazi, Koma Samvela Kuwawa

Pa Chiwili sabata yatha foni yanga inalila kusanache bwino. Unali uthenga wochokela kwa ba mudala ena a ku Kanyama, owelenga tsamba lino, amene asebenza ya ulonda m'tauni. Nauika pano monga mmene unabwelela:

"Ba boss, nikauka kuseni nikangodyaka pansi, chidendene chibaba monga nadyaka msomali. Pa mall banipima mapazi na mashini, pa screen paoneka red red. Bakuti nifunika ma insole yopangila ine neka. Manje mutengo wake ni pafupi na salary yonse. Nitenge kaloba olo nilekelele chabe?"

Ba mudala, yankho lalifupi ni ili: kaloba ayi, kulekelela nakonso ayi. Yankho lalitali lili pansipa, ndipo ni la imwe nonse amene mudyela mapazi. Nikamba imwe oimilila pa till kuchokela kuseni mpaka shopu itsekedwe, imwe ometa na oluka tsitsi, manesi a usiku, ma conductor, anyamata a zamcab ku Soweto, amai a pa City Market, na imwe amene muchoka ku Chawama na mendo kupita ku nchito kuti ndalama ya basi igule pamela. Wa motoka, ikafa aiika pa miyala n'kukwela basi. Ife phazi likafa, nsima yachoka m'mbale.

Phazi si thabwa

Muliona laling'ono, koma phazi limodzi lili na mafupa 26. Mapazi awili pamodzi ni mafupa 52. Munthu wamkulu ali na mafupa 206 thupi lonse, kutanthauza kuti pa mafupa anayi alionse, limodzi lili m'nsapato zanu.

Mafupawo sanagone fulati. Anapindika monga uta. Pondani m'madzi, kenako mupondenso pa simenti youma. Mudzaona chidendene, zala na m'mbali mwa phazi, koma pakati padzatsala mpata. Ndiwo uta uja. Nsinga yake ni mtsempha wokhuthala umene uchokela ku chidendene kukafika kumizu ya zala. Mukaponda, uta utambasuka pang'ono ndipo nsinga ikokeka. Mukanyamula phazi, zonse zibwelela m'malo. Zichitika tele pa sitepe iliyonse, tsiku lonse, zaka zonse.

Nsinga ija ikalema na kukokedwa, iyamba kuwawa pamene inagwilila ku chidendene. A chipatala aitcha plantar fasciitis. Chizindikilo chake ndicho chimene ba mudala akamba: sitepe yoyamba kuseni ni moto, mukayenda-yenda kuwawa kuchepa, mukakhala pansi pang'ono n'kunyamuka kubwela futi. Ni vuto lofala maningi, ndipo ambili amachila mkati mwa chaka popanda opaleshoni.

Nanga insole ichita chani? Amai amene anatungapo madzi adziwa nkhata. Nkhata siichepetsa kulema kwa ndowa. Imangofalitsa kulemako kuti kusakhale pamalo amodzi pa mutu. Insole ni nkhata ya phazi. Siiwongola fupa, siisintha phazi la munthu wamkulu kukhala lina. Ithandiza pamene mwaivala, mukaichotsa phazi lanu ni lomwe lija. Pali zogula kale-kale pa famasi, za saizi monga nsapato, ndipo pali zopangila phazi lanu chabe. Izi zachiwili ndizo zifuna kupima.

Mmene anali kupimila kale

Ambili tinakulila pa kamtengo. Amai athyola kamtengo kolingana na phazi, apita nako m'tauni, abwela na nsapato ya sukulu yokula pang'ono kuti "uzakulilamo". Kunalibe kompyuta, koma nzelu yake ni imodzi-modzi: kutenga chithunzi cha phazi kupita nacho kumene phazi silinapite.

A chipatala njila yawo yakale ni ya pulasitala, ija yoyela imene amanga nayo munthu akathyoka dzanja. Mugona pa bedi, katswili akulunga phazi na bandeji yonyowa ya pulasitala, aligwila mmene afunila kuti likhalile, n'kuyembekeza iume. Akaivula atsala na chikombole. M'chikombolemo athilamo pulasitala ina kuti patuluke phazi lanu lamwala. Alipala apa, awonjezela apa, kenako atenthetsa pulasitiki mu uvuni n'kuikanikizila pamwamba pake. Njila iyi inakhazikika kwambili na nchito ya Merton Root, katswili wa mapazi wa ku California ku America, m'zaka za m'ma 1950 na 1960. Palinso bokosi la siponji youma, imene muponda kamodzi n'kusiya dindo la phazi monga m'matope.

Njila zonse ziwili zikali kusebenza mpaka lelo, ndipo m'manja mwa wodziwa zitulutsa insole yabwino. Vuto lake ni nthawi, fumbi, na kuti chikombole chikasweka m'njila muyambilanso.

Manje scanner ichita bwanji?

Apa tchelani khutu, chifukwa makina amene anthu aitcha "scanner" ali mitundu iwili, ndipo sachita nchito imodzi.

Mtundu woyamba ni wojambula maonekedwe. Muika phazi pa galasi, olo wina azungulutsa kachipangizo m'mbali mwa phazi lanu. Makina aponya kuwala pa khungu, mwina kamzele ka laser, mwina timadontho. Ma kamela aona mmene kuwalako kwapindikila pa mapili na zigwa za phazi, ndipo kompyuta iwelengela mtunda wa malo masauzande. M'masekondi ochepa phazi lanu laonekela pa screen, mungalizungulutse na chala, kuliona pansi, m'mbali na kumbuyo. Palibe kuwawa, palibe X-ray. Makina awa aona kunja chabe. Masiku ano olo foni ichita zimenezi. Kuchokela pa iPhone X ya mu 2017, kamela ya kutsogolo imene itsegula foni na nkhope iponya timadontho tosaoneka toposa 30,000, ndipo makampani ena apanga ma app amene asebenzesa timadontho tomweto kujambula phazi.

Mtundu wachiwili ni kamphasa kopima kulema. Mkati mwake muli tumasensa tambili. Muimililapo olo muyendapo, ndipo kompyuta ipaka mitundu: pofiila ni pamene mupondetsa kwambili, pa buluu ni pamene mupondetsa pang'ono. Kamphasa aka sikadziwa kutalika kwa uta wanu. Kadziwa chabe pamene katundu agwela.

Ba mudala, "red red" imene inakuyofyani ni iyi. Kufiila kuja si magazi, si chilonda, si matenda. Tengani wosewela mpila wa Chipolopolo amene sanamvelepo kuwawa kulikonse, mumuimike pa kamphasa kaja, chidendene chake nachonso chidzafiila. Nanga munthu aima na chani? Wodziwa nchito sayang'ana kufiila chabe. Ayang'ana ngati kwagwela pamalo osayenela, ngati phazi lina lisenza kwambili kuposa linzake, ndipo ngati pofiilapo ni pomwe muloza na chala kuti "apa".

Chithunzi chikatengedwa, nchito ipita pa kompyuta. Katswili akweza uta pang'ono apa, akumba kadzenje pamene pali fupa lowawa kuti lisagunde, apendeketsa chidendene mbali iyi olo iyo. Akatsiliza, fayilo ipita pa intaneti ku malo opangila, amene angakhale mu tauni ina olo dziko lina. Kumeneko makina osema acheka insole kuchokela ku chidutswa cha EVA, labala yopepuka ija ya pansi pa ma sneaker na patapata. Kwina 3D printer iumba insole mzele pa mzele na nailoni olo pulasitiki yofewa ya TPU.

Tisaname, luso ili ni labwino. Ni lamsanga, palibe fumbi, ndipo fayilo siisweka. Mukafuna peya yachiwili safunika kupimanso. Pakapita zaka angaike chithunzi chakale pambali pa chatsopano n'kuona ngati phazi lasintha. Munthu angapimidwe kutali na tauni, insole ipangidwe kwina, ibwele pa basi. Kwa dziko lalikulu monga lathu, kumene akatswili a zimenezi ni ochepa, iyi si nkhani yaing'ono.

Tepi siisoka suti

Koma mvelani. Telala wa pa msika na telala wa mashopu apamwamba onse ali na tepi yopimila. Chimene chisiyanitsa suti zawo si tepi. Scanner ni tepi. Yalowa m'malo mwa pulasitala, siinalowe m'malo mwa mutu wa munthu.

Phazi limodzi-modzi lipeleka zithunzi zosiyana. Mukaimilila, uta utsika ndipo phazi lifutukuka. Mukakhala pa mpando, uta ukwelako. Phazi likalenjekeka m'mwamba, lisinthanso. Ni chithunzi chiti choyenela vuto lanu? Makina sasankha. Asankha ni munthu wogwila phazi.

Ndipo pali zambili zimene makina saona. Sadziwa kuti muimilila maola 12 pa konkili. Sadziwa kuti mnofu wa kumbuyo kwa mwendo unauma monga chingwe. Sadziwa ngati muli na shuga. Sadziwa ngati fupa linang'ambika pang'ono, ngati ni gout, olo ngati kuwawako kuchokela ku mtsempha wopanikizika ku msana. Sikuti chidendene chilichonse chowawa ni nsinga ija. Izi zidziwika na mafunso, na manja, na maso a munthu amene anaphunzila.

Nkhani ya makina onyezimila m'shopu siinayambe lelo. Kuchokela m'ma 1920 mpaka m'ma 1950, mashopu ambili a nsapato ku America na ku Britain anali na bokosi la X-ray. Mwana aika mapazi pansi, makolo na wogulitsa asuzumila pamwamba, aona mafupa a zala akugwedezeka mkati mwa nsapato. Anthu anali kukondwa, nsapato zinali kugulika. Pambuyo pake zinadziwika kuti cheza cha makinawo chinali choopsa kwa ana na kwa ogulitsa omwe, ndipo boma la Pennsylvania linawaletsa mu 1957, ena n'kutsatila. Scanner ya lelo siivulaza thupi, musayope. Koma ingavulaze thumba ngati nchito yake ni kukuyofyani na mitundu kuti mutulutse ndalama. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyelele.

Yodula na yotchipa: anayesa kale

Mu 2006, Karl Landorf na anzake ku Australia anafalitsa zotsatila za kafukufuku wa anthu 135 amene anali na vuto la nsinga ya chidendene. Anawagawa patatu. Ena anapatsidwa kasiponji kopyapyala kongonamizila, ena insole yolimba yogula kale-kale, ena insole yopangila phazi lawo. Palibe anauzidwa kuti wavala iti. Patapita miyezi itatu, a insole yogula na a insole yopangila anapezako bwino pang'ono kuposa a kasiponji, koma pakati pa ziwilizo panalibe kusiyana kwenikweni. Patapita chaka, magulu onse atatu anali pafupifupi pamodzi.

Muwelengenso bwino. Pa vuto la chidendene chowawa kuseni, yodula siinapambane yotchipa. Ndiye chifukwa chake nakana kaloba.

Izi sizitanthauza kuti insole yopangila ni bodza. Mu 2008 bungwe la Cochrane, limene lisonkhanitsa kafukufuku wa zaumoyo, linapeza kuti ithandiza anthu a uta wokwela kwambili umene uwawa, ndiponso ana na akulu amene ali na nyamakazi yotupitsa mfundo za mafupa. Onjezani amene phazi linapindika pambuyo pa ngozi ya pa mseu, amene anadulidwa zala, na amene mwendo wina ni waufupi. Mapazi otele sagwilizana na chinthu cha saizi ya aliyense. Apa ndipo kupima mosamala kuli na phindu.

A shuga, nkhani iyi ni yanu maka-maka

Nili na amai aang'ono, ang'ono awo a amai anga, amene agulitsa tomato zaka zambili. Tsiku lina anafika kunyumba madzulo, avula nsapato, sokosi yonse magazi. Munali kamwala kakuthwa, ndipo anakaponda kuchokela kuseni osamvela kanthu. Anaseka, ati "ni kachilonda chabe, kazapola". Anamanga kansalu, mailo lake anapitanso ku msika. Patapita milungu ingapo tinali kuwaona m'chipatala, ndipo anatuluka alibe zala ziwili. Shuga inali itapha kale mitsempha ya kumapazi, iwo osadziwa.

Imwe amene phazi likuwawani, muli na mlonda. Kuwawa ndiko kukuuzani kuti chotsa nsapato, muli kanthu. Wa shuga amene mapazi anachita dzanzi alibe mlonda uyo. Dokotala wa ku Britain, Paul Brand, amene anasebenza na odwala khate ku Vellore ku India, ndiye anaonetsa dziko kuti mapazi a odwalawo sanali kungoola okha. Anali kuonongeka chifukwa munthu aponda pamalo amodzi tsiku na tsiku osamvela kuti pakupsa. Iye na anzake anayamba kuwapangila masandasi a labala yofewa, ndipo atasamukila ku Carville ku America mu 1966, nzelu yomweyo inathandiza odwala shuga.

Apa ndipo kamphasa ka mitundu kaja kakhala maso a munthu amene samvela. Kaonetsa pamene phazi lipsinjika kwambili chilonda chisanabuke, ndipo katswili apanga insole yochotsa katundu pamenepo. Palinso tumasensa topyapyala toika mkati mwa nsapato, toonetsa ngati insole yatsopano yachepetsadi kupsinjika. Malangizo a akatswili a mapazi a odwala shuga padziko lonse akamba kuti amene anakhalapo na chilonda pansi pa phazi afunika nsapato na insole zotele kuti chisabwelele. Koma kafukufuku wa ku Netherlands wa mu 2013 anapeza chinthu chimene agogo anu akanakuuzani mahala: nsapato izi ziteteza amene azivaladi nthawi zambili. Yosungila ku tchalitchi, pakhomo muyenda na patapata, siisebenza.

Ngati muli na shuga, olo m'nyumba mwanu muli wa shuga, izi zisaphonye. Yang'anani mapazi tsiku lililonse, pansi na pakati pa zala, na kagalasi ngati simufikila. Gwedezani nsapato na kupisamo dzanja musanavale. Osayenda osavala, olo m'nyumba. Osaotha mapazi pa mbaula, ndipo madzi osamba muyambe kuwayesa na chigongono. Osadula zikang'a na leza. Ku kiliniki pemphani kuti akupimeni mapazi. Ali na kaulusi ka pulasitiki kamene agunditsa pansi pa phazi kuti aone ngati mukali kumvela. Ndipo mukaona chilonda, thuza, kutupa olo khungu lasintha mtundu, pitani ku chipatala tsiku lomwelo. Osati ku shopu ya insole, osati kwa aneba a mankhwala a m'botolo. Zengelezu analinda kwaukwau, ndipo pa nkhani iyi mwambiwo suseka.

Makolo, osathamangila

Wina adzaimika mwana wanu wa zaka zitatu pa makina n'kukuuzani kuti ali na flat foot. Zoona angakhale nayo, monga ana anzake ambili. Mwana abadwa na phazi looneka fulati, ndipo uta uyamba kuoneka bwino akamafika zaka 6, ena mochedwelapo. Ku India mu 1992 madokotala anapima ana 2,300 n'kupeza kuti flat foot inali yochepa pakati pa ana oyenda osavala kuposa ovala nsapato. Mwana wanu wothamanga pa bwalo chimapazi-mapazi sakuononga phazi, malinga pasakhale magalasi na misomali.

Muyeseni tele: aimilile na zala. Ngati uta uonekela ndipo sadandaula kuwawa, sungani ndalama ya mabuku. Mupite naye ku chipatala ngati amvela kuwawa, ngati phazi ni louma losapindika, ngati ni phazi limodzi chabe, olo ngati atsimphina. Mwana wobadwa na phazi lopindikila mkati ni nkhani ina. Ameneyo safuna insole, afuna pulasitala yosinthidwa sabata na sabata kuyambila akali khanda, njila ya Ponseti. Chipatala cha ana cha Beit CURE muno mu Lusaka chisebenza nchito imeneyi.

Musanatulutse ngwee

Safunsa anadya phula. Wina akakuimikani pa makina, funsani izi, ndipo musachite manyazi:

Kodi wonipima ni ndani? Ngati ni physio olo katswili wa zipangizo za mafupa, akhale na satifiketi ya Health Professions Council of Zambia. Wogulitsa wovala khoti yoyela si dokotala.

Kodi vuto langa ni chani, dzina lake? "Mapazi yanu yali bad" si dzina la matenda.

Kodi wagwila phazi langa, waniona nikuyenda, wayang'ana nsapato zimene nisebenzela?

Kodi insole idzapangidwa kuchokela pa chithunzi changa, olo makina angosankha imodzi mwa zopanga kale zili m'kabati? Zonse ziwili zichitika, koma mtengo suyenela kulingana.

Ikaniwawa, mudzaikonza? Kangati, ndipo nilipilanso?

Idzakwana mu jombo yanga ya ku nchito?

Amene akwiya na mafunso awa, olo akuuzani kuti mtengo wotsika utha lelo, wakuyankhani kale. Ndipo amene akuti insole yake ichilitsa msana, mutu, BP na shuga, mupatseni moni muzipita.

Yambani na izi sabata ino

Njila yotchipa iyambila pa kiliniki ya kwanu. Fotokozani bwino, pemphani kuonana na a physio. Zipatala za Kanyama, Chawama, Matero, Chilenje na Chipata zili pafupi na ife, ndipo vuto likakula akutumizani ku UTH. Ngati pa payslip akudulani NHIMA, funsani zimene ingakulipileni.

Pamene muyembekeza, kuseni musanatsike pa bedi gwilani zala za phazi n'kuzikokela kumwamba mpaka mumvele nsinga yakokeka pansi, muwelenge mpaka 10, mubweleze kangapo. Masana tsamilani chipupa na manja, mwendo wowawa kumbuyo, chidendene pansi, bondo lowongoka, masekondi 30. Madzulo gubuduzani botolo la madzi ozizila pansi pa phazi. Patapata yopyapyala monga chipepala ipumuleko. Pa nchito, ngati muimilila pamodzi, yalani kalabala olo makatoni pansi, ndipo muzisintha mwendo.

Tembenuzani nsapato zanu muone pansi. Ba mudala osoka nsapato pa kona ndiwo scanner yoyamba ya mu komboni. Akangoona mmene chidendene chadyekela mbali imodzi, adziwa mmene muyendela. Nsapato ya salaula inaumbidwa kale na phazi la mwini wake woyamba, choncho pisani dzanja mkati, ndipo ngati muli maenje a zala za munthu wina, isiyeni. Gulani nsapato madzulo pamene mapazi atupako, ndipo kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wa chala chachikulu cha kumanja. Mukagula insole ya pa famasi, sankhani yolimba pa uta, osati ya phala imene ifwanyika na zala ziwili. Chotsani ija inabwela na nsapato, ndipo yambani na ola limodzi olo awili pa tsiku, muziwonjezela pang'ono-pang'ono. Pakapita miyezi iwili olo itatu osasintha, bwelelani ku chipatala. Pamenepo, katswili akanena kuti mufunika yopangila, ikani chilimba, ndipo ndalama yanu idzapita pa chinthu chimene mwadziwa chifukwa chake.

Nitatumiza zina mwa izi kwa ba mudala a ku Kanyama, ninawafunsa funso limodzi chabe: pa mall paja, anayang'ana jombo zanu? Yankho linabwela usiku, ali pa geti.

"Iyayi ba boss, bananiuza nivule nizisiye pa door. Manje pamene mwakamba, jombo izi ni size 7. Ine nivala 8. Ndiye zinasala mu store pamene ninangena nchito. Nazivala two years."

Zaka ziwili, maola 12 pa tsiku, phazi la 8 mu jombo ya 7. Makina anajambula phazi bwino-bwino, sanalakwitse olo kadontho kamodzi. Koma wolakwa anali atatsala pa chitseko.

Ba mudala apita ku kiliniki pa Chinayi, ndipo akamba na ba supervisor za jombo. Tidzamva mmene zayendela. Imwe, lelo mukafika kunyumba, vulani nsapato, muyang'ane mapazi amene akudyetsani. Ngati kunyumba kuli amai olo atate a shuga, muyang'anenso awo. Tionana sabata ya mawa.